Alamu Anandiitanira ku Seleiro

Uthenga unandipeza ndili pakhonde, ndikusema mpini wa khasu. Amene anabwera nawo ndi mwana wanga wamkazi, yemwe anakwatiwa pamudzi pomwepa, nyumba yake ili kuseri kwa mitengo ya mango.

"Amalume aimba foni. Akuti mukakumane nawo ku vila Lachinayi, pa seleiro."

"Pa seleiro? Osati kunyumba kwawo?"

"Atero. Ndipo akuti mupite nokha."

Sindinafunsenso. Mwanayo anaima pang'ono akuyang'ana mpini uja, kenako anabwerera kwake. Tonse awiri tinkadziwa kuti ndi nkhani yanji, koma si nkhani yoti bambo akambirane ndi mwana wake.

Amalume akewo ndi alamu anga, mlongo wamkulu wa malemu mkazi wanga. Ndiwo eni mbumba pamudzi pano, ngakhale amakhala ku vila ya Chifunde, tawuni yathu yaing'ono, kumene amapala matabwa. Ine pano ndine mkamwini. Tinakwatirana ku Zambia, kumsasa wa othawa nkhondo, ndipo mtendere utabwera ndinatsatira mkazi wanga kwawo, kuno kufupi ndi Mualadzi. Kwathu kunalibe kobwerera. Amayi anga tinawaika ku Zambia komweko, alongo anga anakwatiwa ndi amuna a kumeneko, ndipo pamene panali mudzi wathu, cha ku Cassacatiza, panamera mitengo, kenako panadzakhala anthu ena amene sadziwa ngakhale dzina la agogo anga. Ndinaswa mphanje pano, njerwa za kapela ndinaumba nawo, imvi zandimerera pano. Koma mkamwini ndi mkamwini. Dothi ndi la akuchikazi, ife timangolimapo.

Mkazi akamwalira, chaka chikatha, akuchikazi amaitana mwamuna uja n'kumusudzula. Amamuthokoza, amamuuza kuti wamasuka, apite kwawo, akafuna akakwatire. Ena amauzidwa kuti akhale, koma mawu amenewo amachokera kwa eni ake. Iwe sungawapemphe. Ndinaonapo mnansi wanga, munthu amene tinkaimba naye kwaya, akukweza mpando ndi njinga pangolo atasudzulidwa. Palibe amene anamulakwira, mwambo unangoyenda m'njira yake. Kwa ine chaka chinakwana, Misa ya chikumbutso inachitika, alamu anabwera, anadya, n'kubwerera ku vila osanena kanthu. Ndinatsala ngati munthu wodikira galimoto pamsewu, wosadziwa ngati akhale pansi kapena aimirire.

Mvula ya chaka chimenecho inali itagwetsa nkhokwe yathu. Inali yakale, mizati yake itadyedwa ndi chiswe. Nsungwi zilipo kumtsinje, ndipo manja anga akadali ndi mphamvu. Koma nkhokwe ndi ya mkazi. Mwamuna amaluka, wotapa ndi mkazi. Kuzika mizati yatsopano pabwalo la eni, mkazi ali kumanda, mawu asanatuluke, ndinaona ngati ndikudziuza ndekha kuti ndikhala. Ndinkaopa kuti alamu anga aakazi akaona adzati, taonani, wayamba kudzigawira malo. Choncho nditakolola ndinatonola chimanga chonse, ndinathira mankhwala a anankafumbwe, n'kusokera m'matumba. Ndinawasanjika m'nyumba mpaka anafika pazenera. Mumtima mwanga ndinkati ndikuchita ulemu.

Lachinayi m'mawa ndinavala malaya a ku Misa, ndinaika korona wopempherera m'thumba, n'kukwera mota, njinga yamoto yonyamula anthu. Unali mwezi wa mphepo, fumbi lili kobo, minda itatsala mapesi okhaokha. Panjira ndinayesa kupemphera kuti kufuna kwa Mulungu kuchitike, koma pemphero langa linkakhota lokha. Ndinkapezeka ndikuti, Ambuye, ndisachoke. Ndinkaganiza za manda a mkazi wanga amene ndimapita kukazulapo udzu, za adzukulu, za benchi yanga m'kapela pafupi ndi chitseko. Kenako ndinangopempha chinthu chimodzi, kuti zikavuta ndisatulutse mawu oipa kwa munthu amene sanandichitepo choipa.

Seleiro ndi nkhokwe yaikulu ya miyala imene Apwitikizi anamangitsa kalekale. Ndi nyumba yaitali, makoma ake ochindikala, mazenera ang'onoang'ono ali m'mwamba mwenimweni, ndipo chitseko chake n'chachikulu moti ngolo ingalowe ndi ng'ombe zomwe. M'menemo ndimo ankasonkhanitsa chimanga chimene anthu ankakakamizidwa kupereka. Azungu atapita, boma latsopano linasungiramo mbewu, nkhondo itabwera denga linapsa, ndipo zaka zambiri munkagona mbuzi. Posachedwapa anaikonza. Anafolera malata atsopano, makoma anawapaka laimu, panja anaika mabenchi ndi maluwa obzala m'matayala. Tsopano aliyense ku vila amalondolera njira ndi nyumbayi. Ukafunsa kuchipatala, akuti ukafika pa seleiro ukhotere kumanzere. Akwati amabwera kudzajambulitsa pamenepo atavala zoyera, ana a sukulu amabwera ndi aphunzitsi awo.

Mkazi wanga nyumba imeneyi sankaiyang'ana. Tikamadutsa popita kumsika ankatembenuzira nkhope kwina, n'kufulumiza mapazi. Bambo ake anasenza miyala yake pa chibalo, ntchito ya ukapolo ija yogwira ndi chikoti kumbuyo, ndipo anabwerako phewa limodzi litatsika mpaka imfa yawo. Ine ndinali nditalowamo kamodzi kokha, pamene tinkachokera ku Zambia. Nthawi imeneyo inalibe denga, ndipo obwerera tinkalandiriramo makasu ndi mbewu. Ndinaima pamzere ndekha. Iye anatsala kutsidya kwa msewu, mwana ali kumbuyo, dzuwa likumuwotcha, koma mthunzi wa khoma limenelo anaukana.

Alamu ndinawapeza atakhala kale pabenchi, chipewa chili pabondo, pensulo ili kukhutu monga mwa masiku onse. Ndi munthu wamfupi, wa mawu aakulu. Tinapatsana moni, tinafunsana za kumudzi mmodzimmodzi mpaka mbuzi.

"Koma mwaonda, alamu," anatero akundiyang'ana kuyambira kumutu. "Kwarezima, nyengo yosala kudya ija, inatha kale, simunamve? Kapena padiri anakupatsani yanuyanu ya chaka chonse?"

"Ndimadya."

"Mumadya chiyani, mapemphero? Tiyeni tilowe umu. Chiikonzereni sindinaloweko, ndikufuna ndione ngati amisiri ake ankadziwa ntchito."

Pakhomo panali mayi wina wachikulire, wosunga makiyi, tsache lili m'manja. Anatilonjera n'kutikankhira chitseko.

"Lowani, abambo. Koma sikelo iyo musakwerepo. Aliyense akalowa amafuna kudziyeza, ngati ndi thumba."

M'katimo munali kuzizira ngati m'mtsuko. Kuwala kunkatsika kuchokera m'mazenera aja m'mizere yopyapyala, fumbi likuyandama m'menemo. Pansi panali simenti yakale, yogawidwa ndi timakoma tofika m'chiuno, ndipo pakona panali sikelo yachitsulo ija, yakuda, yaikulu ngati bedi. Ndinadabwa kuti patapita zaka zonsezi, moto utadutsamo, mbuzi zitagonamo, laimu atapakidwa, fungo la chimanga chouma linali likadalimo, kapena mwina inali mphuno yanga yokha.

Alamu anayamba ndi denga. Anakweza mutu, anatsinzina diso limodzi, n'kunena kuti mitanda ina ndi yaiwisi ndipo idzapindika mvula ikagwa kawiri. Ananyoza misomali. Ananyoza amene anapachika chitseko. Ine ndinkangovomera, mtima uli m'mwamba, ndikudikira kuti nkhani yeniyeni iyamba liti. Kenako anapita kukona ya kum'mawa, kumene amisiri anasiya osapaka laimu kuti anthu aziona miyala, ndipo anaika chikhatho pakhoma.

"Apa ndi pa bambo," anatero. "Anandionetsa ndili mnyamata. Poyamba ankangosenza, kenako kapitawo anaona kuti ali ndi diso, anawapatsa kuyala. Taonani mmene yagwiranirana. Mpeni sungalowe."

Ndinagwira nanenso. Miyalayo inali yozizira, yosalala m'mbali.

"Chaka china kunagwa njala, chimanga chili chodzaza muno mpaka m'mazenera umo, amayi akuphika mizu kumudzi. Bambo ankati akadutsa pano malovu ankawawa. Koma munthu yemweyo akamwa pang'ono ankayamba kudzitama, akuti khoma langa lija limapuma, nankafumbwe sangakhalemo. Ankadana ndi azungu, koma khoma ankalinyadira. Mlongo wanga anatenga chidanicho, ine ndinatenga kunyadako. Tinagawana bwino."

Anaseka pang'ono, kenako anakhala pakakhoma kamodzi n'kundilozera kuti ndikhale pafupi. Anavula chipewa, anachiyang'ana m'kati ngati muli kanthu. Mayi wa makiyi uja anali akusesa cha kuchitseko.

"Ndiye galimoto mwaipeza kale?"

"Galimoto yanji, alamu?"

"Yonyamula matumba aja. Musandibise, ine si mwana. Alongo anga andiuza zonse. Akuti chimanga chonse mwasokera m'matumba, chikungodikira matayala."

Anapitiriza, maso ali pachipewa.

"Ine sindikukanizani. Mwamuna akafuna kupita amapita. Mwina ku Zambia alongo anu akupezerani kale wina wa mano onse, zimenezo n'zanu. Ndakuitanirani kuno chifukwa kunyumba kwanga kuli makutu ambiri, ndipo ndikufuna mundiuze pa awiri. Tinakulakwirani chiyani? Munthu takhala naye zaka zonsezi, maliro athu onse wakumba nawo manda, lero angoyamba kumanga katundu mwakachetechete ngati mlendo wogona tsiku limodzi? Ngati ndi alongo anga aja ndi pakamwa pawo, nenani, ndikawakhazika pansi."

"Palibe amene anandilakwira."

"Nanga?"

"Ine ndimadikira inu."

"Kudikira ine chiyani?"

"Mawu. Chaka chinakwana, Misa tinachita. Inu munadya n'kunyamuka."

Anandiyang'ana koyamba chikhalireni pansi.

"Ndinanyamuka chifukwa cha zimene ndinaona. Ndinazungulira kuseri kwa nyumba yanu, ndinapeza nkhokwe ili pansi, chimanga chitauma m'munda, nsungwi yatsopano palibe ngakhale imodzi. Ndinati munthu uyu mtima wake wapita kale. Ndikamuuza kuti khalani ndimumanga ndi manyazi. Inu ndimakudziwani, alamu. Munthu atakuuzani mwaulemu kuti khalani pamoto, mukhoza kukhala, n'kuthokozanso."

"Ndikanaluka bwanji nkhokwe pabwalo panu musanandiuze kuti ndikhala?"

"Nanga ine ndikanakuuzani bwanji musanaluke?"

Tinayang'anana. Kenako kumbuyo kwathu kunamveka kuseka. Mayi uja anali atafika pafupi ndi tsache lake, akusesa malo amene anali atasesa kale.

"Pepani, abambo, khutu lilibe chivindikiro," anatero. "Koma inu awiri muli ngati anthu okumana pamlatho wa mtengo umodzi. Uyu akuti dutsani ndinu, uyo akuti ayi dutsani ndinu, mpaka mtsinje kudzaza."

"Mayi," anatero alamu, "ine ndathawa makutu kunyumba kwanga."

"Mwawapeza kuno. Nyumba ino imabweza mawu, ngakhale munthu anong'one. Ndamvamo zambiri, maukwati kumangidwa, maukwati kutha. Koma imvi ziwiri kuchitirana manyazi miyezi yonseyi, izi ndiye ndaziona lero. Auzeni bamboyo zomveka, mukuona mmene aonderamo."

"Kaseseni uko, apongozi."

"Ndikupita. Koma munene mokweza, ndisavutike."

Alamu anapukusa mutu, akuseka mosatulutsa mawu, mapewa okha akugwedezeka. Anapukuta m'maso ndi chala. Kenako anakhala mowongoka, anaika chipewa pambali, ndipo mawu awo anasintha, anakhala aja amene amalankhulira pamilandu ya pamudzi.

"Tamverani, bambo a ana athu. Kusudzula tikusudzulani ndithu. Mwambo ndi mwambo, mlongo wanga agone bwino, inunso mumasuke. Tidzaitana anthu, alongo anga aphike thobwa. Koma pamaso pa anthu omwewo ndidzanena kuti bambo awa sapita kulikonse. Nyumba ndi yanu. Munda ndi wa ana anu, inu muzilima mpaka khasu lidzakukaneni lokha. Ndipo tsiku lanu likadzafika tidzakuikani pamudzi pomwepo, pafupi ndi iye."

Zomalizazi sindinaziyembekezere. Mkamwini kawirikawiri amanyamulidwa kukaikidwa kwawo, ndipo nkhani imeneyi ndinali nditaiopa ngakhale kuitchula m'pemphero. Ndiyenera kuti ndinaonetsa pankhope, chifukwa alamu anabwerera msanga ku mawu awo a masiku onse.

"Nanga tingakunyamuleni kupita kuti? Ku Zambia? Msana wake wa ndani? Ine bondo langa ili latha kale."

Ndinatsika pakakhoma paja, ndinagwada bondo limodzi pasimenti, n'kuomba m'manja pang'onopang'ono monga timachitira pothokoza akulu. Kuomba kwake kunamveka nyumba yonse. Ndinangoti zikomo.

"Dzukani, dzukani, ine si bishopu. Koma chinthu chimodzi. Mukadzafuna kukwatira, mkazi watsopanoyo musadzamubweretse pabwalo la mlongo wanga. Pamenepo ndiye tidzayambana."

"Sindikwatiranso."

"Onse amatero akadali oonda."

Ndinadzuka n'kutsamira khoma. Ndinakhala choncho kanthawi, alamu atapita kukakangana ndi mayi uja za sikelo, chifukwa ankafuna kukwerapo ndithu. Mumtima ndinanena Atate Athu, ndipo ulendo uno pemphero linayenda lowongoka mpaka kumapeto. Ndinaganiza za mkazi wanga, kuti akanati chiyani atamva kuti nkhani ya malo anga pambali pake yakambidwira m'nyumba imene iye ankakana ngakhale mthunzi wake. Mwina akanakwiya. Mwina akanati mlongo wake sasintha. Ine mpaka lero sindidziwa ngati oikonza aja anachita bwino kuikongoletsa nyumbayi ndi maluwa. Anthu anavutikiramo kwambiri. Koma anthu omwewo ndiwo anayala miyala yake, ndipo adzukulu awo ali ndi poika chikhatho. Ndazisiya kwa amene amadziwa kuweruza.

Titatuluka, kunja kunali kowala moti ndinaphimba maso. Pakhomo panali akwati akujambulitsa, mtsikana akukweza diresi kuopa fumbi, azakhali ake akukalipira mkwati kuti aime bwino. Tinawalambalala. Pamenepo ndinamva njala, njala yeniyeni imene ndinali nditaiwala kamvekedwe kake. Tinakhala pabaraka ina yogulitsa zakudya pafupi ndi poimikira mota, ndipo ndinadya pau, buledi wa kuno, ndi nyemba, ndinamaliza, n'kuitanitsa wina. Alamu ankangondiyang'ana, atagwira kapu ya tiyi.

"Pang'onopang'ono, alamu. Anthu aziti sitikudyetsani kumudzi."

Anandiperekeza mpaka pamota, ndipo woyendetsa atayamba kale kuliza injini, anandigwira mkono.

"Nsungwi mukadule za kumtunda kwa mtsinje, zokhwima. Za pafupi ndi dambo zimafumbwa. Mizati ndikutumizirani ine, ya muwanga, musazike zinthu zanu zija zimene chiswe chimaseka."

Thobwa linaphikidwa mwezi wotsatira, ndipo alamu ananena pamaso pa anthu zonse monga anandiuzira, n'kuwonjezerapo nkhani ya matumba kuti anthu aseke. Anaseka ndithu, makamaka alamu anga aakazi, amene anavomera kuti ankasuzumira pazenera langa popita kumjigo. Mmodzi anati analira kawiri chifukwa cha matumba amenewo, ndipo ndiyenera kumulipira nkhuku.

Nkhokwe ndinailuka chilimwe chomwecho, ngakhale munalibe choikamo, chifukwa chimanga chotonola sichibwerera pachitsononkho. Inaima yopanda kanthu mvula yonse, denga lake lili chilili, mpaka zokolola zina. Nditadzaza, panabuka funso la wotapa, popeza mwamuna kulowa m'nkhokwe anthu amamuseka. Mwana wanga wamkazi anati azitapa ndi iye. Tsiku loyamba anabwera ndi dengu, anaima patsinde pake, anayang'ana m'mwamba.

"Bambo, mwaluka yaitali chonchi, mukufuna ndithyoke mwendo?"

Zoona inali yaitali kuposa yakale ija, sindinazindikire poluka. Ndinamuuza kuti adikire, ndinatenga chikwanje, n'kupita kukadula mitengo ya makwerero.